Musathamangire masters: konzani OAR, kenako lembani kaundula wa abale

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi zaka 24, digiri yanu ndi ya international relations, GPA 3.2, unzika wa America munautenga zaka zitatu zapitazo, pa OAR (mayeso a ofuna uofesala ku Navy) munapeza 47, ndipo mtima uli pa kulowa Navy, gulu lankhondo lapamadzi la America, ngati ofesala wa intelligence (wosonkhanitsa ndi kusanthula nkhani za adani). Mukufunsa ngati nkwabwino muyambe mwachita masters kuti fomu yanu ilemere. Ine ndinagwirako ntchito kumeneko, osati ngati ofesala ayi, ndinali mmodzi mwa okonzera mabwana mapu ndi zithunzi, koma ndinaona anyamata ndi atsikana ambiri akufika ndi kachitsulo kamodzi pakolala, chizindikiro cha ofesala watsopano, ndipo nkhani za mmene anadutsira tinkazimva tsiku ndi tsiku.

Masters isiyeni kaye. Ikudyerani zaka ziwiri, ikusiyirani ngongole, koma bala lenileni la fomu yanu silipola nayo. Bala lanu ndi 47 ameneyo.

OAR ili ndi zigawo zitatu: masamu, kuwerenga nkumvetsa, ndi za makina. Malikisi amayambira pa 20 kulekezera pa 80. Mayeso amenewa munthu amaloledwa kulemba katatu kokha pa moyo wake wonse, ndipo amene amawerengedwa ndi malikisi omaliza, osati apamwamba. Ndiye mwatsala ndi mipata iwiri, ndipo mukalowa mosakonzeka nkupeza 44, 47 uja wapita. Kakuleta salola, funso mukaliyankha simungalibwererenso, ndipo kompyuta imaumitsa mafunso mukamakhoza. Anthu a digiri ngati yanu amagwa kwambiri pa za makina: magiya, zingwe za pule, mphamvu ya madzi, mawaya a magetsi. Ngati sekondale munaphunzira kumudzi, zambiri mwa izi munakumana nazo pokonzekera MSCE, fumbi lokha ndi lomwe lachuluka. Dzipatseni miyezi iwiri kapena itatu, ola limodzi madzulo alionse, pensulo ndi pepala, wotchi pambali. Funani chikalata chotchedwa Program Authorization 108A, ndicho chimanena zofunika pa nambala 1830, yomwe ndi ya intelligence. Ziwerengero zake amazisintha nthawi ndi nthawi, choncho werengani chimene chikugwira ntchito panopa, ndipo malikisi ochepetsetsa olembedwa mmenemo musawatenge ngati cholinga. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri.

Tsopano nkhani imene simunafunse, yomwe kwa ife obadwira kwina ndiyo yaikulu. Ntchito imeneyi siitheka popanda chilolezo cha TS/SCI, chokulolani kuona zinsinsi zazikulu za boma, ndipo khomo lake ndi fomu ya mbiri yanu yotchedwa SF-86. Fomuyo imafuna malo onse amene mwakhalako zaka 10 zapitazo popanda mpata, ndi munthu wokuchitirani umboni pa malo a posachedwa. Imafuna maulendo akunja a zaka 7. Imafuna makolo, abale a bere limodzi, apongozi, komwe anabadwira, komwe akukhala, unzika wawo. Imafunanso anthu akunja amene mumalumikizana nawo pafupipafupi ndipo muli nawo pa ubale kapena pa chikondi. Mnzanu wobadwira ku Ohio gawo limeneli amalidumpha ndi mzere umodzi. Inu ndi ine, ndi magulu athu a WhatsApp a banja aja, timakhalapo sabata yathunthu.

Muli funso lakuti kodi munathandizapo munthu wakunja ndi ndalama. Fizi ya mlongo wanu, mankhwala a agogo, feteleza wa chaka chilichonse, zonsezo yankho lake ndi inde. Muli funso la katundu wakunja: puloti imene bambo anakulembetserani, akaunti ya banki imene munatsegula muli ku koleji nkuiiwala. Kukhala ndi abale ku Malawi si mlandu, ndipo kutumiza ndalama kwa mayi ako si mlandu. Ofufuza a DCSA, nthambi ya boma yofufuza mbiri ya ofuna chilolezochi, amafuna kudziwa ngati pali chingwe chimene wina angakukokereni nacho, makamaka ngati wachibale ali m'boma, ku usilikali kapena ku polisi. Chimene chimagwetsa anthu ndi kubisa, kapena kuiwala kooneka ngati kubisa. Kunama pa fomu imeneyi ndi mlandu wa boma lalikulu, chilango chake chimafika zaka zisanu m'ndende.

Ine ndinapunthwa pomwepa. Ndinaiwala kulemba ulendo wa masiku anayi wa ku maliro a malume, poti mumtima mwanga sunali ulendo, anali maliro. Wofufuza anatsegula pasipoti yanga, naloza chidindo ndi cholembera, nkungondiyang'ana. Zinatha bwino chifukwa ndinafotokoza pomwepo, koma thukuta la tsiku limenelo sindidzaliiwala. Ndiye yambani lero: tengani kope, mapasipoti onse akale, malisiti a ndalama zotumiza, muimbire mayi akuuzeni masiku obadwa a aliyense. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi yomwe ikugwirabe ntchito, muuzeni recruiter (wolemba anthu usilikali) tsiku loyamba, ndipo mudzifunse nokha ngati muli okonzeka kuusiya unzika winawo akakupemphani. Limeneli si funso loyankha muli chiimire mu ofesi.

Zina ziwiri za mu fomu yomweyi, mwachidule. Ngongole zosabweza zimaononga zilolezo zambiri, choncho onani credit report yanu, konzani zonse zimene zinapita kwa otolera ngongole. Chamba, ngakhale chili chololedwa mu state yanu, ku boma lalikulu ncholetsedwabe.

Za kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira ntchitoyi. Ambiri amalemba zoti akhala akulota Navy chiyambire ali mwana, ndi zoti amakonda dziko. Owerengawo aona makalata otero mazanamazana. Iwo akufuna kuona ngati mukudziwa kuti ntchitoyo ndi yotani. Si ya ukazitape wa m'mafilimu. Ndi kuwerenga mulu wa malipoti usiku, nkuimirira m'mawa pamaso pa oyendetsa ndege kapena mkulu wa sitima, nkunena m'mphindi zisanu zimene mdani angachite ndi kuti mukutsimikiza motani. Chitsanzo chimene amachikonda kumeneko ndi cha Midway mu June 1942: Joseph Rochefort ndi gulu lake ku Hawaii anathyola zina mwa zinsinsi za mauthenga a Japan, ndipo Edwin Layton anauza Admiral Nimitz mbali imene zombo za adani zidzatulukire ndi nthawi yake, nkungophonya pang'ono chabe. Luso lake ndi limenelo, kulimba mtima kunena chimene ukuganiza pamene umboni uli wosakwanira. Kalata yanu ionetse malo amodzi amene munachitapo zofanana nazo, kaya ndi kafukufuku wa ku koleji, kaya ndi kuntchito. Ndipo ionetse anthu amene munawatsogolera: angati, pa chiyani, zinatha bwanji. Ofesala watsopano amapatsidwa anthu, ena omuposa zaka ndi luso.

Makalata okuchitirani umboni atengeni kwa anthu amene anakuonani mukugwira ntchito. Bwana wa pa shifiti amene angafotokoze tsiku limene zinthu zinavuta inu nkuziwongola amaposa munthu wa dzina lalikulu amene anakuonani kamodzi pa ukwati. Pemphaninso recruiter akulumikizeni ndi maofesala a intelligence kuti akufunseni mafunso nkulemba maganizo awo. Pokakumana nawo, mukhale mukudziwa kuti mwa magulu a zombo za Navy, likulu la Fifth Fleet lili ku Bahrain, Sixth ku Naples, Seventh ku Yokosuka, ndipo muthe kufotokoza zimene a Houthi a ku Yemen anayamba kuchitira zombo pa Red Sea kumapeto kwa 2023. Nkhani ya zigawenga ku Cabo Delgado, m'dziko la Mozambique, yomwe inayamba mu 2017, inu mungaifotokoze bwino kuposa anzanu ambiri, igwiritseni ntchito. Chichewa chilembeni pa fomu, koma kunena zoona sichikukwezani kwambiri. Zilankhulo zimene amazisaka ndi monga Chitchaina, Chirasha, Chiarabu.

Onetsetsani kuti mukulankhula ndi recruiter wa maofesala, chifukwa wa asilikali wamba ali ndi ntchito ina ndipo adzakukokerani kwake. Mumufunsenso za nambala 1810 (cryptologic warfare) ndi 1820 (information professional), zomwe zili m'banja limodzi la Information Warfare, ngati zosankha zachiwiri.

Thupi musaliiwale. OCS, sukulu yophunzitsa ofuna kukhala maofesala, ndi masabata 13 ku Newport, Rhode Island, ndipo mphepo ya kunyanja kumeneko m'nyengo yozizira si yamasewera. Ma push-up, plank, kuthamanga mailosi imodzi ndi theka, komanso kusambira. Ambirife amene sitinakulire ku Nkhotakota kapena ku Mangochi madzi timawaopa, ndiye ngati muli m'gulu limenelo lembetsani maphunziro osambira mwezi uno. Mukadutsa pamenepo sukulu ya intelligence yeniyeniyo ili ku Dam Neck, Virginia Beach.

Mukalemba OAR kachiwiri mudzatiuze muno mwapeza angati. Kalata ija mukailemba nditumizireni ku inbox, ndidzaiwerenga ndi cholembera chofiira.