Mwana wanga akufuna kusiya sukulu chifukwa cha mpira

FUNSO: Mwana wanga wa Fomu 3 akufuna kusiya sukulu kuti azisewera mpira. Akuti dziko limalemekeza osewera kuposa ophunzira, ndipo amaloza msuweni wake amene ali ndi digiri koma akungokhala pakhomo. Ndimuyankhe bwanji? Mayi wa ku Dedza.

YANKHO: Mayi, musayambe ndi kumukalipira, chifukwa zina mwa zimene akunenazo n'zoona. Gabadinho Mhango atamwetsa chigoli chapatali chija pamene Flames inkasewera ndi Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, dzina lake linali pakamwa pa aliyense usiku womwewo, pomwe mwana wokhoza MSCE ndi mapointsi 6 amatchulidwa pa wailesi tsiku limodzi basi. Makampani amathira ndalama kumene kwalunjika maso a anthu ambiri, ndipo maso amathamangira mpira chifukwa zotsatira zake zimaoneka m'mphindi 90, pamene kuchoka Sitandade 1 kukafika Fomu 4 kumatenga zaka 12.

Pamene mwanayo akulakwitsa m'pakuti akuwerenga okhawo amene akuwaona pa kanema. Ligi yaikulu ya dziko lino ili ndi matimu 16 okha, ndipo mwa anyamata onse osewera m'mabwalo a m'midzi ndi m'matauni, ndi ochepa kwambiri amene amavala yunifolomu ya Bullets kapena Wanderers, ndipo opita kunja ndi ochepa koposa. Temwa Chawinga, amene anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 akusewerera Kansas City Current, timamunyadira chifukwa anthu otere ndi osowa. Komanso wosewera amapuma ali ndi zaka za m'ma 30, mwinanso msanga bondo likavulala, ndipo ngakhale amene zamuyendera amafunika kuwerenga yekha kontirakiti asanasaine, poti ambiri adyeredwa masuku pamutu pamenepa.

Za msuweniyo musatsutse, ulova wa ophunzira ulipodi, koma iye akhoza kulembera ntchito iliyonse ikatuluka, pomwe wopanda satifiketi ya MSCE sangalembere n'komwe zambiri mwa izo.

Gwirizanani naye kuti azisewera m'timu ya sukulu ndi ya m'dera, mumugulire nsapato za mpira ngati mungathe, koma alembe kaye MSCE. Kakambiraneninso ndi mphunzitsi wa zamasewera kuti mwanayo akalephera mayeso a kumapeto kwa teremu, asaikidwe m'timu mpaka atakhoza.