Tiyi, chai ndi sha: mawuwa anayenda bwanji?

Mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, wanditumizira funso pa imelo. Akuti agogo ake, omwe anakulira ku Tete, amati "sha", bambo ake a ku Mulanje amati "tiyi", pomwe anzake achishona amati "tii". Akufuna kudziwa kuti loona ndi liti.

Mayi, palibe akulakwa apa. Mawu onsewa kwawo ndi ku China, ndipo kumeneko amalembedwa ndi chilembo chimodzi. Amasiyana katchulidwe basi. Madera ambiri a dzikolo amati "cha", koma anthu a m'mphepete mwa nyanja ku Fujian, monga padoko la Xiamen, amati "te".

Tsono chinagawa mitundu ya anthu ndi njira imene masamba a tiyiwo anadzera. Amalonda oyenda pamtunda anafika nalo dzina la "cha" ku Persia (lero Iran), kumene linasanduka "chai", ndipo mpaka lero limamveka motero ku India, Russia, Turkey ndi pakati pa Aswahili. Adatchi, amene anayamba kutumiza masambawa ku Ulaya pa zombo cha m'ma 1610, ankagula kwa amalonda a ku Fujian, ndiye anatola "te". Angerezi anatengera kwa Adatchi, ife ndi Ashona n'kutengera kwa Angerezi. Kwathu ku Malawi mbewuyi inabzalidwa koyamba ku Blantyre Mission mu 1878, minda yamalonda n'kuyamba ku Mulanje mu 1891, ndipo eni mindayo anali olankhula Chingerezi. Bambo anu akanalitchula bwanji mwina?

Koma nkhani yondikoka mtima ndi ya agogo. Apwitikizi nawo anayenda panyanja, komabe iwo anakhazikika ku Macau, doko lina la ku China, kuyambira 1557, kumene anthu amati "cha". Amalemba chá, n'kumatchula "sha", ndipo analowa nalo ku Mozambique, kukwera mtsinje wa Zambezi mpaka ku Tete. Agogo anu ndiwo analinyamula ulendo womaliza kudzafika nalo kuno ku Harare.

Zimandiwawa ndikamva adzukulu akuseka nkhalamba kuti sizidziwa kulankhula, chonsecho ife tonse timalankhula mawu a Chipwitikizi tsiku ndi tsiku: mbatata, nsapato, kalata. Mukawachezera Lamlungu, muwafunse mayina a ziwiya zakukhitchini ndi zovala mmene ankazitchulira ku Tete, muzilemba, mudzanditumizire.