Yankho kwa achemwali ofuna kufufuza za ma stem cell

Achemwali, mwafunsa ngati mwana wa kuno ku Mzuzu angafike pofufuza za ma stem cell (maselo otha kusanduka mitundu ina ya maselo a m'thupi) okonza mitsempha ya ubongo ndi msana. Angafike ndithu, koma njira yake ndi yaitali: digiri ya sayansi ya zamoyo kapena zaumoyo, ku Mzuni kapena ku KUHeS, kenako masters ndi PhD, makamaka kunja. Yang'anani thandizo lolipirira maphunziro la Commonwealth.

Nkhaniyi imandikhudza. Msuweni wanga anagwa pa kabaza ku Chibavi, mpaka lero timachita kumutembenuza pamphasa. Mtsempha wonyamula mauthenga wa m'dzanja ukaduka umatha kumeranso, pafupifupi milimita imodzi patsiku, koma wa mumsana umatsekerezedwa ndi chipsera. Mpamene pagona ntchito yonse. Mu 2006 wasayansi wa ku Japan Shinya Yamanaka anabweza maselo a mbewa kukhala ngati a mwana wosabadwa, ndipo mu 2021 gulu la Hideyuki Okano ku Keio University ku Japan linayamba kuika maselo ochokera kwa anthu, okonzedwa mwa njira imeneyi, mwa anthu ovulala msana.

Langizo langa: musathamangire dzina la yunivesite, sankhani mphunzitsi wokuyang'anirani. Werengani zimene analemba, mumulembere kalata yaifupi. Pakadali pano pemphani malo mu labu iliyonse, ngakhale kotsuka mabotolo, manja azolowere pipeti, kachipangizo kotungira timadzi.