Kwa mayi a zaka 47 amene mwafunsa ngati mwayamba misala

Achemwali amene mwalemba mobisa dzina pa tsamba lino, uthenga wanu ndauwerenga kawiri. Mwati muli ndi zaka 47, msambo wayamba kudumphadumpha, usiku mumadzidzimuka thukuta lili kamukamu, masana mumangolira popanda wokulakwirani, ana mukuwakalipira pa tinthu tachabechabe, ndipo ku Mvano komwe munkafika woyamba tsopano miyendo ikukana kupitako. Mwafunsa ngati mwayamba misala kapena alipo wakulodzani.

Simunapenge, achemwali. Ine si dokotala, ndine mphunzitsi wa pulayimale wa zaka 53, koma njira imeneyi ndayendamo ndi mapazi angawa.

Zanga zinayamba ndili ndi zaka 46. Mwezi wa June, anthu akufunda mabulangete awiriawiri, ine ndinkadzuka cha m'ma 2 koloko usiku chovala chogonera chili chonyowa ngati ndachichotsa pa chingwe mvula ikugwa. Ndinkatuluka n'kukakhala pakhonde, chitenje m'mapewa, kumvetsera agalu mpaka tambala woyamba. Kusukulu, tsiku lina ndinaima kutsogolo kwa ana a Sitandade 5, choko m'manja, ndikufuna kuitana mtsikana amene ndinamuphunzitsa chaka chonse, dzina lake linandithawa. Ana akundiyang'ana, ine pakhosi pauma. Ndinatuluka n'kukalira kuseri kwa kalasi. Kunyumba kadimba kanga ka mpiru ndi tomato kanauma ndikukaona, osati chifukwa chosowa madzi, koma mtima wonyamula kheni munalibe. Chimene chinandiopsa kwambiri si kulirako, koma kuti chilichonse chinasiya kukoma, ngakhale mdzukulu wanga akabwera n'kundikumbatira ndinkangomva ngati mtengo.

Zimene ndinadzamva pambuyo pake ndi izi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55, ndipo achipatala amati mayi wasiyadi pakadutsa miyezi 12 yotsatizana osaona msambo. Koma nthawi yovuta kwa ambiri ndi zaka zingapo msambo usanasiyiretu, pamene inu muli panopa. Mabasiketi a mazira, tiziwalo tiwiri ta m'mbali mwa chiberekero, amapanga mahomoni awiri akuluakulu oyendetsa msambo, oestrogen ndi progesterone. M'zaka zimenezi mahomoniwa satsika mwadongosolo ngati madzi a m'chitsime nthawi ya chilimwe ayi. Amachita ngati magetsi ophethira, mwezi uno akwera, mwezi wamawa agwa. Ndipo oestrogen sagwira ntchito m'chiberekero mokha. Amafikanso mu ubongo, komwe amakhudza kagwiridwe ntchito ka serotonin, yomwe imathandiza kuti mtima ukhale m'malo, komanso mbali ya ubongo imene imayendetsa kutentha kwa thupi. N'chifukwa chake kutentha kwadzidzidzi, kusowa tulo, kuiwalaiwala ndi kupsa mtima zimabwerera limodzi ngati alendo a galimoto imodzi.

Si mayi aliyense amene amadwala matenda ovutika maganizo pa msinkhu umenewu, ambiri amadutsa ndi thukuta lokhalo. Koma chiopsezo chimakwera m'zaka zimenezi, makamaka kwa amene anavutikapo maganizo kale, amene anakhumudwa kwambiri atangobereka, kapena amene mtima unkawasokonekera kwambiri msambo ukayandikira. Ine nditamva zimenezi ndinakumbukira miyezi itatu imene ndinalira nditabereka mwana wachiwiri, apongozi akunena kuti ndi ulesi wa uchembere.

Komabe ndisakunamizeni kuti zonse ndi mahomoni. Taonani katundu amene mayi wa zaka 47 wasenza kwathu kuno. Fizi ya kusekondale ndi kukoleji, amayi okalamba kumudzi ofunika mankhwala a BP mwezi ndi mwezi, ana amasiye a mchemwali, ngongole ya banki mkhonde, maliro Loweruka lililonse, ndipo kwa ena bambo a m'nyumba ayamba kubwera mochedwa. Katunduyu mwina mwakhala mukumunyamula zaka khumi osadandaula. Chasintha n'chakuti tsopano mukumunyamula musanagone tulo tokwanira kwa miyezi. Munthu aliyense, ngakhale mnyamata wa zaka 20, mutamudzutsa katatu usiku uliwonse kwa theka la chaka, angalire basi.

Pali kusiyana kumene ndikufuna mukuonetsetse. Kukwiya lero, mawa n'kuseka, ndi chinthu china. Koma ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, mtima uli pansi, zimene zinkakusangalatsani sizikukomanso, chakudya sichikulowa kapena mukungodya mosaletseka, mukudziona ngati wachabechabe, ndiye kuti ndi matenda ovutika maganizo, aja anthu amangoti kuganiza kwambiri, ndipo ali ndi chithandizo ngati mmene shuga alili ndi chithandizo. Ndipo achemwali, ndikufunseni mosabisa popeza ine palibe anandifunsa. Kodi maganizo akuti bola kungofa amakufikirani? Ngati amakufikirani, musadikire Lolemba. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira lero lomwe, mumupatse asunge mankhwala onse a m'nyumba kuphatikizapo a mbewu ndi a makoswe, ndipo akuperekezeni kuchipatala.

Za kuchipatala ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ine ndinataya chaka chathunthu. Ulendo woyamba ndinangonena kuti mutu ukupweteka ndipo thupi likutentha usiku. Anandiyeza malungo, sanawapeze, anandipatsa panado, ndinabwerera. Kachiwiri chimodzimodzi. Amene ankandionawo sanafunse za msambo, inenso manyazi anandigwira poona kuti ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga. Kachitatu ndinakumana ndi anamwino achikulire, anayang'ana chaka chobadwa pa buku langa la kuchipatala, n'kundifunsa kuti, amayi, kumwezi mukupitako bwanji? Ndinalira pomwepo, ndipo iwo anatseka chitseko n'kundisiya ndilire.

Ndiye inu mukapita, mukanene zonse, za msambo, za tulo, za kulira, za kuchipinda ngati ziliko. Mukapemphe akuyezeni kuchuluka kwa magazi, chifukwa m'zaka zimenezi amayi ena amataya magazi ambiri posamba, ndipo kuchepa magazi kumafoola munthu n'kumagunditsa mtima. Akuyezeni shuga ndi BP. Ngati n'kotheka ayezenso chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kaja, chifukwa kakamagwira ntchito mochepa kapena mopyola muyeso zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi zimene mwalembazi. Thukuta la usiku likabwera ndi chifuwa chosatha ndi kuonda, ayeze TB. Musaiwalenso kuti msambo wodumphadumpha sutanthauza kuti simungatenge pakati, kulera kukufunikabe. Kwa anzathu amene ali pa ma ARV, mankhwala a efavirenz ankadziwika ndi kusokoneza tulo ndi maganizo mwa anthu ena, ndipo kuyambira 2019 ambiri m'Malawi muno anasinthidwa kupita pa a dolutegravir, omwenso ena amawasowetsa tulo. Mukawafotokozere akuchipatala, koma musasiye kumwa panokha ngakhale tsiku limodzi.

Kumene mungapite si ku Zomba Mental Hospital kokha monga ambiri amaganizira. Pa zipatala za m'maboma pamakhala anamwino kapena ma clinical officer ophunzira za matenda a maganizo, mungofunsa tsiku la kiliniki yawo. Ku Blantyre kuli kiliniki pa Queen Elizabeth, ku Lilongwe kuli Bwaila, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe komwe. Kulowa pakhomo limenelo si kuvomera kuti ndinu wamisala. Pa benchi yomwe ndinakhalapo ine panali amayi a bizinesi ya kaunjika, abambo a yunifolomu ndi mtsikana wa kukoleji, aliyense ndi buku lake m'manja.

Ine anandipatsa fluoxetine, mankhwala a matenda ovutika maganizo. Mlungu woyamba ndinkamva nseru ndipo ndinafuna kusiya. Anali atandichenjeza kuti mankhwala amtunduwu sagwira ngati panado, amatenga milungu ingapo, ndipo munthu ukayamba kupeza bwino umapitirizabe kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, n'kusiya pang'onopang'ono mouzidwa ndi achipatala. Cha m'mlungu wachisanu ndinadzipeza ndili kudimba ndikuzula udzu, osakumbuka n'komwe kuti ndaganiza liti zopitako. Ena amapatsidwa amitriptyline. Palinso mankhwala obwezeretsa mahomoni, a HRT, amene amathandiza kwambiri pa kutentha ndi thukuta la usiku, koma si a aliyense. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere kapena vuto la magazi kuundana m'mitsempha amafunika kusamala kwambiri, ndipo amene chiberekero chilipo sapatsidwa oestrogen yekha. Amenewo ndi a dokotala. Ndaona kale mu makomenti muno ena akukuitanirani ku inbox ndi mabotolo otsuka m'mimba ndi oyeretsa magazi. Ndalama yanuyo isungeni ikhale ya minibasi yopitira kuchipatala.

Mankhwala okha sanandichiritse. Kulankhula kunathandiza kwambiri. Ku Zimbabwe dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri m'Chishona, ndi kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi. Benchi yanga inali mnzanga wa ku Mvano, wamkulu kwa ine ndi zaka zisanu ndi zitatu, amene tinkayenda naye mamawa ulionse kukazungulira bwalo la mpira dzuwa lisanatuluke. Ndi iyeyo anandiuza kuti ndisiye tiyi wamadzulo ndi tsabola wambiri, ndizigona ndi chovala chopepuka cha thonje, botolo la madzi pambali pa bedi. Ndi zazing'ono, koma zinandibwezera maola awiri a tulo.

Amene akukuuzani kuti mungopemphera, sakulakwa pokulimbikitsani kupemphera. Inenso sindinasiye. Akulakwa pamene akukupangitsani kumva ngati chikhulupiriro chanu chachepa. Mayi wa shuga sitimuuza kuti ataye mankhwala chifukwa ndi mlembi wa Mvano. Za ufitizo zimandiwawa mwapadera, chifukwa ndaona mabanja akudana, mayi akuloza chala mlamu wake, pomwe vuto linali m'thupi mwake momwe. Ndipo ndaonanso amayi a msinkhu wathuwu, oiwalaiwala ndi okwiya msanga, iwowo akutchedwa afiti. Titatha msinkhu anankungwi anatikhazika pansi, pa ukwati anatilangiza, pa mimba yoyamba anatilangizanso. Koma za kumapeto kwa msambo palibe anatiitanira m'nyumba. Amayi anga ndinawafunsa ali ndi zaka 78, anangoti, iii mwanawe, ndinkangoti ndi malungo osatha.

Abambo amene mukuwerenga mwakachetechete, akazi anu akakana za kuchipinda m'zaka zimenezi si kuti apeza wina. Oestrogen akachepa kunjira ya amayi kumauma ndipo kukhala pamodzi kumapweteka, koma chithandizo chake chilipo. Inunso testosterone wanu, homoni ya abambo, amatsika, kungoti mwapang'onopang'ono kwambiri, ndipo kuvutika maganizo kwa abambo nthawi zambiri kumabisala mu mowa ndi ukali.

China chofunika, achemwali, ngakhale si chimene mwafunsa. Mukadzatha miyezi 12 osasamba kenako n'kuona magazi, ngakhale kadontho, musadzati msambo wabwerera. Mudzapite kuchipatala msanga, ndipo ngakhale panopa, ngati simunayezetse khomo la chiberekero, mukayezetse ulendo womwewu.

Kuyambira usiku uno pezani kakope. Muzilemba tsiku limene mwaona msambo, nthawi imene mwadzuka usiku, ndi masiku amene mwalira. Mukatenge kakopeko pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, ndipo musapite nokha. Mukakafika pamaso pa adokotala mawu n'kukuthawani monga anandithawira ine, mungotsegula foni, muwapatse awerenge uthenga womwe mwalemba munowu.