Makhotakhota a msewu wa ku Chawe ndi liwu loti "boyi"

Wowerenga wina wa ku Chinamwali, yemwe akuphunzira za zomangamanga, wanditumizira imelo. Akuti anaonera kanema wakale wa nthawi ya atsamunda woonetsa ntchito yolambula msewu, momwe wofotokoza ankatchula amuna akuluakulu ogwira makasu ndi mapiki kuti maboyi. Funso lake ndi lakuti, kodi makhotakhota a msewu wokwera phiri la Zomba ndi chizindikiro chakuti omanga a nthawiyo sankadziwa ntchito, moti kompyuta ya lero ikanaujambula woongoka? Nanga kanema wotereyu ndi woyenera kuonetsedwabe?

Achimwene, tiyambe ndi msewu. Kompyuta siingaongole msewu wa ku Chawe, chifukwa chomwe chimaukhotetsa ndi phiri. Msewu ukamakwera mamita 8 pa mamita 100 alionse, ndiye kuti ndi chitunda chomwe lole yodzaza matabwa imakwera movutikira, ndipo pa muyezo umenewu kukwera mamita 500 kumafuna msewu wotalika makilomita opitirira 6. Amene afuna kufupikitsa mtundawo adzapeza chikweza chomwe galimoto singakwere, komanso matsitso otentha mabuleki. Choncho msewu umayenera kuzungulira m'mbali mwa phiri kuti upeze kutalika kokwanira.

Chomwe mapulogalamu a pakompyuta ojambulira misewu monga AutoCAD Civil 3D ndi OpenRoads amachita ndi ichi. Oyeza malo amapita kutchire ndi GPS, total station (makina oyezera mtunda ndi ngodya) kapena drone (kandege kopanda munthu), n'kutolera kukwera ndi kutsika kwa nthaka pa malo ambirimbiri, ndipo kompyuta imalumikiza miyezoyo n'kupanga chithunzi cha nthaka yonse. Injiniya amajambula mzere wapakati pa msewu, kenaka amakonza m'mene udzikwerera ndi kutsika, ndipo pulogalamuyo imamuwerengera dothi lofunika kukumba ndi lofunika kuthira, ntchito yomwe kale inkatenga masabata ndi pensulo. Akasuntha kona imodzi, ziwerengero zonse zimasintha nthawi yomweyo, motero angathe kuyesa njira zisanu asanasankhe imodzi.

Koma malamulo ake ndi akalekale. Liwiro likawirikiza kawiri, kona imayenera kutambasuka pafupifupi kanayi, n'chifukwa chake makona a msewu wa M3 wopita ku Blantyre sangafanane ndi a kuphiri. Pa kona msewu umapendekeka pang'ono kuloza mkati kuti galimoto isatayidwe kunja, ndipo kupendekeka kumeneku kumayamba pang'onopang'ono kona isanafike. Palinso mtunda woona patsogolo: mainjiniya amawerengera kuti dalaivala amatenga masekondi 2.5 asanaponde buleki, ndipo pa liwiro la makilomita 60 pa ola, galimoto imakhala itayenda kale mamita pafupifupi 42. Kompyuta imachenjeza ngati muyezo waphwanyidwa, koma siidziwa kuti pakona pena amayi amatsika ndi mitolo ya nkhuni, anyamata amakankha njinga zosenza mitengo, kapena kuti mvula ikagwa madzi amadutsa pati. Zimenezi amadziwa ndi munthu amene wayendapo ndi mapazi, ndipo ine ndimakayikira pulani iliyonse yomwe mwini wake sanachoke mu ofesi.

Apa ndi pomwe funso lanu lachiwiri likulowera. Zomba inali likulu la dziko lino kuchokera m'nthawi ya atsamunda kufikira mu 1975, ndipo misewu yake yakale inakumbidwa pamanja ndi anthu akuda, omwe ankadziwa pomwe nthaka imagumuka ndi pomwe pali thanthwe. Makanema a nthawiyo, kuphatikizapo omwe ankapangidwa ndi Central African Film Unit, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1948 kutumikira Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia, ankapangidwa ndi maso a olamulira. Kutchula bambo wa ana asanu kuti boyi kunali kumuchotsera ukulu wake, kuti woonera aone mzungu ngati mwini nzeru, enawo ngati manja chabe. Liwuli linatikakamira mpaka lero, pakuti timanenabe boyizikota potchula kanyumba kakuseri popanda kuganiza komwe linachokera.

Ine sindikugwirizana ndi zofufuta mawu oterowo m'makanema akale, kapena kubisa makanemawo. Mukachotsa liwulo, mwachotsa umboni, ndipo ana athu adzaona chithunzi chokoma cha nthawi yomwe sinali yokoma. Chofunika ndi chakuti woonetsa ayambe wafotokoza amene anapanga kanemayo, chaka chake ndi omwe ankawapangira. Kanema watsopano wosimba za nthawiyo angaike liwulo m'kamwa mwa mtsamunda, koma kuliika kuti anthu aseke ndi nkhani ina, ndipo pamenepo ndimakana.

Mukadzaoneranso kanema wanuyo, tsitsani mawu ndipo muyang'ane amene agwira chingwe choyezera ndi amene akukhoma zikhomo, kenaka Loweruka mudzakwere ku Chawe wapansi n'kuwerenga makalavati omwe ali pamakona.