Kwa inu mwangofika kumene ku Joni

Dzulo ndinadutsa pa Wenela basi ya ku Joni ikupakira, mayi wina atamugwira mwana wake pamutu kumupempherera pambali pa zikwama, ndiye mtima sunandilole kukhala chete poti msewu umenewu wa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge ine ndauyenda zaka 12.

Za mapepala ndi pogona ena akuuzani kale. Yanga ndi ya Lamulungu.

Kumeneko aphwanga Sande imatha osaiona. Bwana akangoti ubwere mawa ndikuwonjezera, iwe umayamba kusintha ma rand aja mu kwacha mumtima nkumati Mulungu amvetsa, sabata ino yokha. Kwa ine sabata ino yokhayo inakwana zaka 4, munthu wokulira mu kwaya ya CCAP, Baibulo lomwe amayi anandiikira m'chikwama linasanduka mosungira ma risiti a Mukuru.

Ndinadzidzimuka mu March 2023 nthawi ya Freddy, matope atatsika m'phiri la Soche nkukokolola nyumba ku Chilobwe. Foni ya mlongo wanga osapezeka masiku awiri. Ndalama ndinali nazo koma ndimutumizira ndani? Ndinagwada m'kachipinda kanga kamalata kuti ndipemphere, kukamwa gwa, mawu osatuluka, ndinangolira basi. Anadzanditenga ndi gogo ena a ku Mulanje ogwira ntchito ya m'nyumba, amasonkhanitsa Amalawi mu galaja Lamulungu madzulo, mipando yake makreti a zakumwa. Sanandifunse kuti unali kuti zaka zonsezi ayi, anangondipatsa buku la nyimbo nkuti yambitsani achimwene. Mlongo wanga anapezeka wamoyo pa kampu ina ya pasukulu, koma anthu ena omwe ndinakula nawo mpaka lero sanaoneke.

Ndiye musadikire tsoka ngati ine. Wakwanu woyamba kukumana naye mufunseni amapemphera kuti, kaya ndinu a Katolika, a SDA, kaya Asilamu Lachisanu funani mzikiti. Koma samalani ndi aneneri ogulitsa mafuta ati mapepala atuluke msanga, ndaona anyamata akusiya malipiro a mwezi wonse kumeneko kumudzi ana atabwezedwa fizi.

Gulu la mu galaja lija ndi lomwe limasonkha ndalama wina akatisiya kuti thupi lifike kwawo, limayenderanso odwala ndi otsekeredwa ku Lindela, komwe amasunga anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo. Ndinabwerako chaka chatha, ndili ku Ndirande, koma Lamulungu madzulo amandiimbira pa WhatsApp tiimbire limodzi.