Amalume, za kompyuta ya msuweni ija

Eee amalume, mwaswera bwanji ku Bangula? Pepani ndachedwa kuyankha, foni inali pa tchaji kwa aneba. Uthenga wanu ndaumvera, chithunzi cha pepala la mitengo lija ndachionanso. Ndiye mukuti pa kompyuta yosewerera magemu imene mukufuna kumugulira, mnyamata akulirira processor (ubongo wa kompyuta) ya Core i9-14900K, pomwe wa pashopu ku Limbe wakuuzani kuti Ryzen 5 7600 ikwanira, ndipo mwasowa womukhulupirira. Ndiyankha pagulu pompano kuti mwini wake amve yekha, asadzati ndamuchitira kaduka kumbali.

Gulani Ryzen 5-yo. Koma ndalama yotsalayo musabweze m'thumba ayi, ipite ku graphics card.

Ndifotokoze. Gemu ikamaseweredwa zimagwira ntchito ndi zinthu ziwiri. Processor imawerengera kuti mpira walowera kuti, wosewera uyu athamangire mbali iti. Graphics card ndi imene imajambula zimene maso akuona pa sikirini. Zili ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Inu mukudziwa bwino kuposa ine, mukamanga nkhunzi yamphamvu limodzi ndi kang'ombe kowonda, ngolo imayenda liwiro la kowondako, ndipo nkhunziyo imangodya msipu wanu pachabe. Pa pepala lija msuweni walemba i9, koma khadi waika GTX 1650, ya 2019, ya 4GB. Kang'ombe kowonda ndi kameneko. Ndalama zonse wathera pa dzina. Ndi Ryzen 5 ndi khadi ngati RTX 4060 kapena RX 7600, FIFA yakeyo ndi GTA V ziziyenda bwino kuposa mmene zingayendere pa zimene walembazo, sindikukayika ngakhale pang'ono.

Komanso sikirini imene muli nayo kunyumba, ija munagula limodzi ndi kompyuta yakale, ndi ya 60Hz. Kutanthauza kuti imaonetsa zithunzi 60 pa sekondi, basi. Kompyuta itatulutsa 200, maso aona 60 zomwezo.

Tsono nkhani yaikulu kwa ife a kuchigwa kuno ndi kutentha, ndipo anyamata a pa YouTube amene iye amaonera sanena zimenezi, chifukwa amajambulira m'zipinda zozizira. Ryzen 5 7600 inalembedwa mawati 65. I9 ija, eni ake a Intel amanena okha kuti ikalimbikira ntchito imafika mawati 253. Magetsi onsewo amasanduka moto m'kabokosi, kenako m'chipinda. Ndiye taganizirani Okutobala, ku Ngabu atalengeza madigiri opitirira 40, chipinda cha msuweni cha malata chopanda siling'i chija, masana dzuwa lili paliwombo. Processor ikatentha kufika pamalire ake imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Mwalipira mtengo wa i9, koma ikuyenda ngati yotchipa. Ndiponso i9 ya K imabwera yopanda choziziritsira, mugule padera chachikulu kapena chamadzi, power supply, kabokosi kogawa magetsi mkati mwa kompyuta, nayo ikhale yokulirapo. Pa pepala paja zimenezo palibe, mwaona? Ryzen 5 7600 fani yake imakhala m'katoni momwemo.

Mwezi watha ndinatsegula kompyuta ya mnzanga kuno ku Nchalo, ankadandaula kuti ikumazima yokha akasewera theka la ola. Amalume, zimene ndinapeza! Fumbi losakanikirana ndi phulusa lija limagwa akamawotcha nzimbe, litamatirira pa zitsulo za fani ngati bulangete, moti ndinachita kukanda ndi mswachi wakale. Titapukuta ndi kupaka phala latsopano lothandiza kuziziritsa pa processor, inasiya kuzima. Imeneyo inali ya mawati 65 chabe. Nanga ikanakhala i9?

Imani kaye, njinga yamoto ikudutsa... eya, ndimati chiyani? Magetsi. Simunaiwale 2022, namondwe Ana ataononga ku Kapichira, mmene tinakhalira mumdima. Ngakhale pano amazimazima. Kompyuta yodya magetsi ambiri imafuna UPS yaikulu, bokosi lija la batire logwirizira kompyuta magetsi akazima, ndipo pa inveta yanu ya sola ija batire lingathe mpira usanafike pa hafu. UPS ndiye musaisiye, iloweni mu bajeti, kuzima kwadzidzidzi kumaononga mafayilo ndipo magetsi akabwera mwamphamvu amatha kuwotcha zinthu.

China, mu 2024 Intel inavomera kuti ma processor ake akuluakulu a m'badwo wa 13 ndi 14, kuphatikizapo 14900K yomweyo, anali ndi vuto lolandira mphamvu yamagetsi yopitirira muyezo, ena n'kuonongeka. Anatulutsa zokonzera, anawonjezeranso waranti ndi zaka ziwiri. Zabwino, koma kuchokera ku Bangula muibweza kwa ndani, ngati inabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg?

Msuweni, iwe ndikudziwa ukumvera, usakwiye. Sindikunena kuti zodula n'zachabe. I9 ili ndi ma core 24, tizigawo ta processor togawana ntchito, ndipo amene amakonza mavidiyo a maukwati tsiku lonse amaipindulira. Gemu zambiri sizigwiritsa ntchito onsewo, 6 a Ryzen 5 akukwana. Ndipo ukanafuna yodula ya magemu enieni, ukanatchula Ryzen 7 7800X3D, ili ndi cache (memori yachangu ya mkati mwa processor) ya 96MB, imathamanga pa gemu koma osadya magetsi ngati i9. Inatuluka mu 2023 pa madola 449, pomwe 7600 inatuluka chaka chomwecho pa madola 229. Koma imeneyo phindu lake limaoneka ukakhala ndi khadi yaikulu ndi sikirini ya 144Hz kupita m'mwamba. Ubwino wake zonse ziwiri zimalowa pa motherboard imodzi, bolodi lija polumikizira zida zonse, ya AM5. Ukadzayamba kupeza zako, udzangozula iyi n'kuika inayo, motherboard osasintha.

Ngati ndalama zavuta kwambiri amalume, ilipo Ryzen 5 5600 kapena Core i5-12400F, zimagwira ndi RAM (memori yogwirira ntchito) ya DDR4. Kungoti ziwirizi popanda graphics card sizitulutsa chithunzi n'komwe. RAM ikhale 16GB, ndipo muike SSD, chosungira mafayilo chachangu.

Mukapita ku Limbe musakhutire ndi mawu oti “ndi Ryzen 5” kapena “ndi i7”. Funsani nambala yonse. I7 ya 2013 imagonja kwa i3 ya masiku ano, ndipo ena amagulitsa zakalezo podalira dzina. Mujambule katoni mbali imene pali nambala, munditumizire musanapereke ndalama. Loweruka ndili pa ofu, ngati mukwere minibasi ya m'mawa mundiimbire mukafika pa Sorgin, ndikudikirani pa siteji tikwerere limodzi. Moni kwa onse kunyumbako.